Thiransifoma imadwala isanafe, nanga akuipima ndani?

Usiku wa pa 20 Malichi 2025, nthawi itangopitirira 11 koloko, moto udabuka pasiteshoni yogawa magetsi ya North Hyde m'dera la Hayes, kuzambwe kwa mzinda wa London ku Britain. Chomwe chidayamba kuyaka ndi thiransifoma imodzi yokha. Koma mmene kumacha n'kuti bwalo la ndege la Heathrow, limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri padziko lonse, litatsekedwa.

Maulendo a ndege oposa 1,300 adalephereka tsikulo. Anthu oposa 270,000 omwe amayenera kunyamuka kapena kutera pabwalopo adasowa mtengo wogwira, ndipo makomo ndi malo a ntchito oposa 60,000 adagona mumdima. Ndege zina zomwe zidali kale m'mwamba zidabwerera komwe zidachokera.

Poyamba ambiri adaganizira zauchifwamba, moti apolisi olimbana ndi zigawenga adalowererapo. Koma lipoti lomwe bungwe la National Energy System Operator lidatulutsa mu Julaye chaka chomwecho lidaloza chala kwina. Lidati gwero la motowo liyenera kuti lidali chinyontho chomwe chidalowa m'chipangizo china cha pamwamba pa thiransifomayo chotchedwa bushing, momwe mumadzera waya wa magetsi amphamvu polowa m'kati.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli lidadziwika kalekale. Mu Julaye 2018 eni thiransifomayo, kampani ya National Grid, adatunga mafuta pang'ono n'kukawapima, ndipo zotsatira zidaonetsa kuti chinyontho chachuluka. Malinga ndi malamulo a kampaniyo, zotsatira zotero zimatanthauza kuti ngozi ili pafupi ndipo bushing iyenera kusinthidwa. Sidasinthidwe. Mu 2022 ntchito yokonza thiransifomayo idakankhidwira m'tsogolo. Makinawo, omwe adayamba ntchito mu 1968, adapirira zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri chipimireni mafuta aja, kenako adaphulika.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Koma la thiransifoma limanunkha ndithu, ndipo pali anthu omwe ntchito yawo ndi kulinunkhiza.

Chigoba chosayenda koma chotopa

Kuno kwathu thiransifoma timaikumbukira tsiku lomwe yapsa kapena yabedwa. Apo m'pomwe chigayo chimaima, owotcherera amapinda manja, wogulitsa nsomba za m'filiji amataya katundu, ndipo pachipatala chaching'ono anamwino amabereketsa ndi tochi ya pafoni. Masiku ena onse timangoidutsa ili phee pamitengo iwiri, ikung'ung'udza yokha.

Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza. Magetsi akapangidwa ku Nkula, Tedzani kapena Kapichira pamtsinje wa Shire, amatuluka ndi mphamvu ya ma volts masauzande angapo. Atati atumizidwe chomwecho mpaka ku Lilongwe kapena Mzuzu, ambiri angathere panjira potenthetsa mawaya. Choncho thiransifoma yoyamba imawakweza kufika pa 66,000 kapena 132,000 volts. Mukakweza ma volts kakhumi, magetsi otayika m'njira amachepa ka 100. N'chifukwa chake mzere waukulu wochoka ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma ku Lilongwe, womwe ndi wotalika makilomita 173 ndipo udamangidwa ndi thandizo la dziko la America lomwe lidatha mu 2018, udapangidwa kuti uzinyamula 400,000 volts.

Magetsiwo akayandikira kwa ogula, mathiransifoma ena amawatsitsa pang'onopang'ono: kufika pa 33,000 kapena 11,000 volts, kenako ya pamtengo ija imawafikitsa pa 230 volts yomwe imayatsa babu ndi wailesi m'nyumba mwanu. Ndiye kuti nyesi yomwe ikuphika nsima yanu yadutsa m'mathiransifoma angapo, ndipo imodzi yokha ikafa, onse a kumunsi kwake ali mumdima.

M'kati mwake mulibe zodabwitsa. Muli chitsulo chopangidwa ndi timapepala ta zitsulo tosanjikizana, ndipo pachitsulocho pakulungidwa mawaya a kopa kapena aluminiyamu m'magulu awiri. Nzeru yake idachokera kwa Michael Faraday wa ku Britain yemwe mu 1831 adaonetsa kuti nyesi ya waya mmodzi ikhoza kudzutsa nyesi mwa waya wina popanda awiriwo kukhudzana. Mu 1885 mainjiniya atatu a kampani ya Ganz mumzinda wa Budapest ku Hungary adapanga thiransifoma yofanana ndi zomwe tikuziona lero. Kung'ung'udza kuja kumachokera m'chitsulo, chomwe chimafutukuka ndi kunyala ka 100 pasekondi iliyonse.

Popeza mulibe injini kapena magudumu, munthu angaganize kuti thiransifoma singathe. Imatha, ndipo chomwe chimayamba kutha si chitsulo kapena kopa ayi.

Moyo wake uli m'pepala

Inde, pepala. Mawaya a m'thiransifoma yaikulu amakulungidwa ndi pepala lolimba lopangidwa kuchokera ku mitengo, m'bale wake wa lomwe amapangira matumba a simenti. Pepalalo ndilo limaletsa waya kukhudzana ndi mnzake. Zonsezi zimamizidwa m'mafuta apadera omwe ali ndi ntchito ziwiri: kuziziritsa makinawo ndi kutchinga kuti nyesi isadumphe.

Mafuta akaipa mukhoza kuwasefa kapena kuthira ena. Pepala likafumbutuka palibe chochita kupatula kuphwasula thiransifoma yonse n'kukulunganso mawaya, ntchito yomwe nthawi zina mtengo wake umayandikira wogula yatsopano. Tinganene kuti zaka za thiransifoma ndi zaka za pepala lake.

Akatswiri amayeza kulimba kwa pepalali poona kutalika kwa ulusi wake wosaoneka ndi maso. Latsopano limakhala pa 1,000 kapena kuposerapo. Likatsika kufika pa 200 ndiye kuti latha, limathetheka ngati tsamba louma la fodya. Thiransifoma yotere ikhoza kugwirabe ntchito bwinobwino kwa miyezi, koma tsiku lomwe mtengo udzagwere pamawaya kapena mphenzi idzaombe pafupi, kugwedezeka kwa m'katimo kudzang'amba pepalalo ndipo basi kwatha.

Adani a pepala ndi atatu: kutentha, chinyontho ndi mpweya. Mdani wamkulu ndi kutentha. Mu 1930 injiniya wina wa kampani ya General Electric ku America, V. M. Montsinger, adaonetsa kuti kutentha kukakwera ndi madigiri ochepa chabe, moyo wa pepala umadulidwa pakati. Muyezo womwe mayiko ambiri akutsata lero umati pepala wamba limakalamba pa liwiro loyenera ngati malo otentha kwambiri m'kati mwa mawaya ali pa madigiri 98. Pakawonjezereka madigiri 6, limakalamba kawiri kuposa apo. Pa 110 limakalamba kanayi. Pa 122, ola limodzi limadya moyo wa maola 16. Kukafika cha m'ma 140, chinyontho cha m'pepala chimayamba kuwira n'kutulutsa thovu, ndipo thovu silitchinga nyesi ngati mafuta.

Apa m'pomwe nyengo yathu imalowerera. Mphamvu yomwe imalembedwa pachikwangwani cha thiransifoma imawerengeredwa poganiza kuti kutentha kwa kunja, kukaphatikizidwa chaka chonse, kuli pa madigiri 20 ndipo sikupitirira 40. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumalumpha 40 kopanda manyazi. Thiransifoma yomwe ingasenze katundu wake mosavuta ku Dedza ikhoza kukhala ikukalamba mothamanga ku Nchalo, pomwe chikwangwani chake n'chimodzimodzi.

Chinyontho nacho chimalowa mwakachetechete. Thiransifoma yaikulu imapuma: masana mafuta akatentha amafufuma n'kukankhira mpweya kunja, usiku akazizira amakoka mpweya wina. Kuti mpweyawo ulowe wouma, umadutsa m'kabotolo kagalasi kodzaza ndi timiyala totchedwa silica gel. Timiyala ta mtundu wakale timakhala tabuluu tikakhala touma, tikakhuta madzi timasanduka tapinki. Mlonda wapasiteshoni yemwe adauzidwa zimenezi akhoza kupulumutsa makina a mamiliyoni ochuluka pongoyang'ana mtundu wa kabotoloko. Choipa n'chakuti madzi ambiri omwe alowa sakhala m'mafuta, amakabisala m'pepala, ndipo pepala likamafumbutuka limatulutsanso madzi akeake. Vuto limadzidyetsa lokha.

Kupima magazi a makina

Dokotala sang'amba munthu pamimba kuti adziwe ngati ali ndi malungo. Amatenga kadontho ka magazi. Mainjiniya amachitanso chimodzimodzi ndi mafuta a m'thiransifoma, ndipo ubwino wake ndi wakuti amatunga makinawo akugwira ntchito, osazimitsira anthu magetsi.

Chinsinsi chake ndi ichi. Pena pake m'kati mukatentha mopitirira kapena mukathetheka moto, mafuta a pamalopo amaphwanyika n'kutulutsa mipweya yomwe imasungunuka m'mafuta momwemo, monga mmene mpweya umakhalira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lisanatsegulidwe. Mtundu wa mpweya umadalira ukali wa kutenthako, choncho mpweya uliwonse uli ndi uthenga wake.

Hydrogen akachuluka, kawirikawiri ndiye kuti muli tizimoto ting'onoting'ono tomwe tikuthetheka m'timipata ta pepala. Methane ndi ethane amanena za malo otentha pang'ono, osafika madigiri 300. Ethylene amanena za kutentha koopsa, mwina pamfundo ya waya yomwe yakhwepa. Carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umaulula kuti pepala lenilenilo likupsa. Koma mpweya womwe umadzidzimutsa injiniya ndi acetylene, womwe owotcherera zitsulo amaudziwa bwino. Umenewu umapangika pokhapokha kutentha kukapitirira madigiri 700, kutanthauza kuti m'katimo nyesi ikudumpha ngati mphenzi. M'thiransifoma yathanzi suyenera kupezeka.

Kuchuluka kwa mipweyayi kumayezedwa m'magawo a pa miliyoni. Kuti mumvetse kuchepa kwake, gawo limodzi pa miliyoni lili ngati supuni imodzi ya tiyi yothiridwa m'madiramu 25 a malita 200. Magawo ochepa chabe a acetylene ndi okwanira kuti akatswiri akhale pansi n'kuyamba kukambirana zozimitsa makinawo.

Yemwe adayamba kugwiritsa ntchito mpweya ngati chenjezo ndi Max Buchholz wa ku Germany. Mu 1921 iye adapanga kachipangizo komwe mpaka lero kamatchedwa ndi dzina lake, ndipo kamapezeka pafupifupi pathiransifoma yaikulu iliyonse. Kamaikidwa papaipi yolumikiza thanki yaikulu ndi kathanki kamafuta kapamwamba. Thovu la mpweya likamakwera limakodwa m'menemo, likachuluka belu limalira. Mukaphulika chinthu m'kati, mafuta amathamanga mwamphamvu m'paipimo ndipo kachipangizoko kamazimitsa thiransifoma nthawi yomweyo. Ndi mlonda wokhulupirika, koma amakuwa mbala italowa kale m'nyumba. Pomwe mpweya ukufika popanga thovu, matenda amakhala atakula.

Kupima mafuta ku labotale kumagwira matendawo akadali aang'ono. Vuto lidali kumasulira zotsatira, poti mipweya imatuluka yosakanikirana. Mu 1974 Michel Duval, katswiri wa kampani ya magetsi ya Hydro-Québec ku Canada, adakonza chojambula cha ngodya zitatu chomwe chimafananitsa methane, ethylene ndi acetylene. Injiniya amaika kadontho pachojambulacho molingana ndi kuchuluka kwa mpweya uliwonse, ndipo dera lomwe kadonthoko kagwera limamuuza mtundu wa vuto. Patha zaka zoposa 50 koma njirayi ikugwirabe ntchito padziko lonse.

Odziwa ntchitoyi amanenetsa chinthu chimodzi: nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Thiransifoma yakale ikhoza kukhala ndi mpweya wambiri womwe udaunjikana zaka zapitazo koma ili bwino. Ina ikhoza kukhala ndi wochepa koma ukuwirikiza sabata iliyonse, ndipo yoopsa ndi imeneyo. Chofunika ndi liwiro lomwe mpweya ukukwerera. Izi zikutanthauza kuti kampani yomwe sisunga bwino zotsatira zakale ili ngati chipatala chomwe chimataya mabuku a odwala.

Ngakhale katungidwe ka mafutawo kali ndi mwambo wake. Amatungira m'sirinji yagalasi kapena m'botolo lotsekeka bwino, osalola mpweya wakunja kulowa, osaliika padzuwa, ndipo lifike ku labotale msanga chifukwa hydrogen sachedwa kuthawa. Wotunga mosasamala amabweretsa uthenga wabodza wakuti zonse zili bwino.

Diso losagona

Mwachizolowezi mafuta a thiransifoma yaikulu amapimidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Koma matenda ena amayamba ndi kupha m'masabata ochepa, pakati pa ulendo wina wa wopima ndi unzake. N'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kudabwera tizipangizo tomangirira pathiransifoma pomwepo, tomwe timanunkhiza mafuta usana ndi usiku. Toyamba tinkangoona hydrogen. Ta masiku ano timatha kuyeza mipweya isanu ndi iwiri kapena kuposerapo pamodzi ndi chinyontho, maola angapo alionse, n'kutumiza zotsatira pakompyuta ya injiniya ali kutali.

Phindu la tizipangizoti lidaoneka ku South Africa mu 2003. Kumapeto kwa Okutobala chaka chimenecho dzuwa lidalavula mphamvu yoopsa yomwe idasokoneza nyesi yachilengedwe ya dziko lapansi. Zikatero m'mawaya ataliatali mumayenda nyesi yachilendo yomwe imatenthetsa zitsulo za m'thiransifoma. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti vutoli ndi la mayiko a kumpoto kwenikweni monga Canada ndi Sweden, osati kuno kummwera kwa Africa.

Koma kampani ya Eskom idali ndi zipangizo zopimira mpweya pamathiransifoma akuluakulu a pamalo ake opangira magetsi a Lethabo, Matimba ndi Tutuka. Mkuntho wa padzuwawo utangodutsa, mipweya idayamba kukwera. Pa 17 Novembala thiransifoma ya ku Lethabo idazima, pa 23 Novembala ina ya ku Matimba idatsatira. M'miyezi yotsatira ena adachotsedwa pantchito asanaphulike, mainjiniya ataona momwe mpweya ukukwerera. Pakadapanda zolembedwa za tsiku ndi tsikuzo, palibe akadagwirizanitsa imfa za makinawa ndi zomwe zidachitika padzuwa masabata angapo m'mbuyomo. Aliyense akadangoti ndi ukalamba.

Mafuta sanena zonse. Bungwe la akatswiri a magetsi padziko lonse la Cigré lidasanthula ngozi zikuluzikulu 964 za mathiransifoma zomwe zidachitika pakati pa 1996 ndi 2010, ndipo lidapeza kuti pamasiteshoni ogawa magetsi zambiri zidayambira m'mawaya okulungidwa aja, kenako m'chipangizo chosinthira mphamvu chotchedwa tap changer, kenako m'ma bushing.

Tap changer ili ngati giya ya galimoto. Madzulo anthu akayatsa zophikira, ma volts amatsika ndipo iyo imasintha yokha kuti iwakweze, kutacha imabwezanso. Ndi chiwalo chokhacho m'thiransifoma chomwe chimayendayenda, choncho chimaperepeseka. Amachiyang'anira powerenga kuti chasintha kangati, poyeza mphamvu yomwe mota yake ikukoka, ndiponso pofananitsa kutentha kwa chipinda chake ndi kwa thanki yaikulu.

Ma bushing ndi nyanga zija zimaonekera pamwamba, zokhala ngati mbale zadothi zosanjikizana. Sizifa kawirikawiri ngati mawaya, koma zikafa zimakonda kuphulika ndi kuyatsa mafuta onse, monga zidachitikira ku London. Lero pali zipangizo zomwe zimayeza kanyesi kakang'ono kodontha mu bushing iliyonse makina akugwira ntchito, ndipo kakayamba kusintha zimachenjeza.

Palinso kamera yoona kutentha, yomwe injiniya amaloza ali chapatali n'kuona mfundo yokhwepa ikuwala ngati khala, kapena radiyeta yotsekeka ili yozizira pomwe inzake ikutentha. Ena amamata timakutu tamagetsi pathanki kuti amve kuthetheka kwa tizimoto tomwe khutu la munthu silingamve. Mathiransifoma atsopano ena amabwera ndi ulusi wagalasi wolowetsedwa m'kati mwenimweni mwa mawaya, womwe umayeza kutentha pamalo pomwe pepala likuvutikira.

Nanga ife?

Wina anganene kuti izi ndi za mayiko olemera. Ine ndikuona mosiyana: wosauka ndiye ayenera kusamala kwambiri poto wake mmodzi yekhayo.

Taonani mmene msika ulili. Mu 2025 bungwe la International Energy Agency lidati wofuna thiransifoma yaikulu akhoza kudikira mpaka zaka zinayi chiperekereni oda, ndipo mitengo yake idakwera ndi pafupifupi 75 peresenti kuchokera mu 2019. Mayiko olemera akulimbirana makina omwewo kaamba ka magetsi a dzuwa, a mphepo ndi nyumba zikuluzikulu za makompyuta. Malawi sapanga mathiransifoma akuluakulu. Iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale, kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katunduyo akatsika padoko amayenera kukwera gonyeti wapadera ulendo wa makilomita mazanamazana.

Tikudziwa kale kuwawa kwa kutaya chinthu chimodzi chachikulu. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya ma megawatt pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kwa magetsi kudatisautsa kopitirira chaka. Apo chidali chigumula, chomwe palibe akadachiletsa. Koma thiransifoma yaikulu ya pamalo ngati Nkula kapena Phombeya itapsa, mdima wake ungafanane ndi umenewo, pomwe imfa yake ikadatha kuoneka ikubwera.

Pansi pa thandizo la America lija, la ndalama zokwana 350.7 miliyoni dollars, bungwe la Escom lidalandiranso makina a makompyuta othandiza kuona ndi kuwongolera masiteshoni ali kutali. Amenewo ndi maziko abwino, chifukwa njira yotumizira uthenga ikakhalapo, kuwonjezera zipangizo zopima thanzi la thiransifoma sikuvuta. Sikuti thiransifoma iliyonse ikufunika chipangizo chodula. Nzeru ndi kusankha: zikuluzikulu za pamalo opangira magetsi a Egenco, za pamasiteshoni omwe alibe ina yobwezera, ndi zakale zomwe zayamba kale kuonetsa zizindikiro. Zotsalazo kupima mafuta mokhulupirika chaka ndi chaka n'kokwanira.

Koma kugula zipangizo ndi mbali yophweka. Ku North Hyde sikudasowe labotale, akatswiri kapena ndalama. Zotsatira zidalipo, zolembedwa bwino, koma sizidasanduke ntchito. Zifukwa zozengereza zimafanana kulikonse. Kukonza thiransifoma kumafuna kuizimitsa, ndipo palibe bwana yemwe amafuna kutukwanidwa kuti wazimitsa magetsi makina ali bwinobwino. Chipangizo chikalira kawiri katatu popanda vuto looneka, anthu amayamba kuchinyalanyaza. Injiniya wodziwa kumasulira mipweya akapuma pantchito kapena kupita kunja, makompyuta amangounjika manambala opanda owawerenga. Bungwe loyang'anira za mphamvu la Mera komanso aphungu a Nyumba ya Malamulo akamafunsa za mitengo ya magetsi, ayenera kumafunsanso mafunso ngati awa: ndi mathiransifoma angati akuluakulu omwe mafuta awo apimidwa chaka chino, ndi angati adapezeka ndi vuto, ndipo mwa amenewo akonzedwa ndi angati?

Ya pamtengo ija

Thiransifoma yomwe ambirife timaidziwa ndi yaing'ono ya m'mudzi kapena m'tauni. Zoterezi zilipo masauzande, ndipo kuika chipangizo chopima mpweya pa iliyonse kungadule kuposa mwini wakeyo. Izi zimafa ndi matenda ena: katundu wopitirira muyezo, mphenzi ndi akuba.

Thiransifoma yomwe idaikidwa kuti idyetse nyumba 50 imapezeka ikudyetsa 200, kuphatikizapo chigayo, makina owotcherera ndi ena olumikiza mozemba. Nthawi zina katundu yense sanapitirire, koma nyumba zambiri zidalumikizidwa kuwaya mmodzi mwa atatu aja, moti mbali imodzi ikupsa pomwe zina zikupuma. Mankhwala ake si odula. Wantchito akabwera ndi kachipangizo kopanira pawaya cha m'ma 6 kapena 7 koloko madzulo, nthawi yomwe aliyense akuphika, amadziwa pompo ngati makinawo akulemedwa, ndipo kusamutsa nyumba zingapo kupita kuwaya wina kumatha vutolo. Kuyeza masana anthu ali kuntchito n'kudzinamiza.

Makampani ambiri tsopano akuika mita yamakono pathiransifoma yeniyeniyo, yomwe imatumiza uthenga kudzera pa netiweki ya foni. Imanena katundu wa waya aliyense, imanena magetsi akazima, ndipo mukafananitsa mayunitsi otuluka pamenepo ndi omwe anthu a m'deralo agula, mumadziwa ngati pali akuba magetsi. Zina zimakhala ndi kachipangizo kokuwa mafuta akatsika mwadzidzidzi kapena chivindikiro chikatsegulidwa.

Zakubazi ndiye chilonda chathu. Escom yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za anthu ogwetsa mathiransifoma kuti atengemo kopa, ndipo mu 2024 aphungu adakonzanso lamulo la magetsi kuti chilango cha oononga zipangizozi chikhwime. Akuba ena sagwetsa, amangoboola n'kukhetsa mafuta. Thiransifoma imapitiriza kugwira ntchito maola angapo ili youma kenako n'kupsa, anthu n'kumati yafa yokha. Ena amadula waya wopita pansi uja, yemwe ntchito yake ndi kutaya mphamvu ya mphenzi m'nthaka. Palibe amazindikira mpaka mvula yoyamba ya ziphaliwali. Waya wapakati wobwezera nyesi akabedwa kapena kukhwepa, nyumba zina zimalandira ma volts opitirira muyezo, mababu amawala modabwitsa kenako mawailesi ndi mafiliji amapsa.

Apa anthu okhala pafupi ndiwo chipangizo chotchipa kuposa zonse. Mukaona mafuta akudontha kapena thanki yanyowa mbali imodzi, mukamva kulira kwake kwasintha n'kuyamba kuthetheka ngati nyama pamoto, mukamva fungo la chinthu chopserera, mukaona mfundo ya waya ikufiira usiku, kapena mababu akuti uku kuwala kwambiri uku kuzilala, kanenereni ku ofesi ya Escom yapafupi ndipo lembani tsiku lomwe mwanena. Mababu akamawala mopitirira, zulani zipangizo zanu kukhoma. Musayandikire, musakwere, ndipo musaunjike zinyalala kapena kumanga benchi ya malonda pansi pake.

Mafuta otayikirawo musawagwire. Mathiransifoma ena akale ali ndi mankhwala otchedwa PCB, omwe amayambitsa khansa ndipo saola m'nthaka kapena m'thupi. Pangano la mayiko la Stockholm la mu 2001 lidalamula kuti zipangizo zokhala ndi mankhwalawa zisiye kugwiritsidwa ntchito pofika 2025 ndipo ziwonongedwe mosamala pofika 2028. Ku Kenya kwakhala malipoti akuti mafuta obedwa m'mathiransifoma amakathera m'ziwaya zokazingira tchipisi, poti amaoneka oyera ndipo sada msanga pamoto. Ngakhale omwe alibe PCB ndi ochokera ku mafuta a pansi panthaka, abale ake a oyilo wa galimoto, ndipo mimba ya munthu siingawagaye.